Mwendo Wakumbuyo Wakumanzere

A Mabuledi sanabadwe kalipentala, ndipo munthu akawatchula choncho ankakana ndi manja onse awiri. "Kalipentala amapala kuti adye," ankatero. "Ine ndimapala chifukwa ndadya kale." Moyo wawo wonse wa ntchito unathera pa chiwongolero cha galimoto yoperekera buledi m'magolosale, n'chifukwa chake dzinalo linawakanirira mpaka ana a mumsewu mwawo ankayesa kuti anabadwa nalo. Galimotoyo inkagona pakhomo pawo, m'galaja yomwe anamangitsa okha m'mbali mwa nyumba, ndipo ankaitsuka ngati khanda.

Atapuma ntchito, kampani inatenga galimoto yake, galaja n'kutsala pululu. Munthu wozolowera kulawirira anayamba kungozungulira m'nyumba, kuvundukula miphika ya eni ake, kufunsa chifukwa chake mchere ukukhala apa osati apo. Akazi awo anapirira, anapirira, mpaka tsiku limene anawapeza akusanja masupuni kuyambira yaitali kutsikira yaifupi. Tsiku lomwelo mayiwo anapita kwa a telala oyandikana nawo, anabwereka puleni yakale yopalira matabwa yomwe inkangochita dzimbiri kumeneko, n'kuwauza amuna awo kuti chitseko cha bafa chikukhula pansi. Abale inu, akanadziwa moto umene ankakoleza!

Chitsekocho anachipala mpaka munthu wosamba ankaoneka mapazi, koma a Mabuledi anatuluka mmenemo ali munthu wina. Anali atamva fungo la thabwa lopalidwa kumene, basi matenda anawalowa. Anayamba kuyendera pamsika pogulitsa zitsulo zakale, lero abwera ndi sowo yopanda chogwirira, mawa tchizulo chobuntha, mkuja hamala yoguluka mutu. Zonsezo ankazinola, kuzisemera mipini yatsopano, n'kuzipachika pa misomali pakhoma la galaja, chilichonse pamalo pake, atachilemberera ndi pensulo kuti chikachoka chithunzi chake chizichiitana. Anadzikhomera benchi yogwirirapo ntchito pafupi ndi windo. Kenako kunabwera timipando, mipando, tebulo lodyera, shelefu ya mbale, kabati ya nsapato, mpaka choimikira beseni. M'nyumbamo katundu wa kusitolo ankatuluka mmodzimmodzi osatsanzika.

Mayiwo anaika lamulo limodzi lokha, koma linali lachitsulo: utuchi usadutse pakhomo la kukhitchini. A Mabuledi ankavula ovololo m'galaja, kudzikuntha m'mutu, kupukuta nsapato, ndipo chilichonse chimene apanga ankachisiya pakhomopo kuti mwini nyumba achilowetse yekha. "Kupanga n'kwanu, bambo," ankatero mayiwo, "koma poika pake ndi nkhani yanga." Chikakhala cholemera ngati tebulo ankanyamulira limodzi, koma chikangofika pansi mayiwo ankawathamangitsa nthawi yomweyo kuti akasambe. Akamabwera atasamba ankachipeza chitayalidwa kansalu, chili nji, ngati chinamera pomwepo.

Tsono a Mabuledi anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito komwe ankakanyadira kwambiri. Levulo yoyezera kuwongoka kwa zinthu analibe ndipo sankaifuna. Ankati diso la dalaivala limaona dzenje lili kutali. Chimene anali nacho ndi malo oyesera, pangodya ya galaja, pakati pa benchi ndi windo, pomwe kuwala kunkagwera bwino. Chilichonse chamiyendo chinkaimikidwa pamenepo, chitayang'ana kukhomo. Ankachigwedeza, kugwada, kusuzumira, kudula pang'ono mwendo uwu, kukhula ndi sandipepa mwendo uwo, mpaka chitasiyiratu kugwedera. Akatero ankaitana: "Amayi, tabwerani mudzagwedeze nokha, asati ndikunama." Mayiwo ankabwera akupukuta manja, kugwedeza, n'kuvomera kuti inde, chakhazikika.

Popeza nyumba ili ndi malire koma dzanja la a Mabuledi linalibe, anayamba kugawa. Sankagulitsa, ankangopereka. A telala analandira tebulo lodulirapo nsalu, mlamu wawo analandira mipando, mayi wogulitsa zingwe ndi maloko pakona analandira kampando. Onsewo ankathokoza bwinobwino, koma pakapita nthawi ankayamba kulankhula mozungulira.

"Tebulo lija ndi labwino, achimwene," anatero a telala tsiku lina, "kungoti likamva sizasi limavina."

"Si tebulo limenelo, ndi pansi panu," anayankha a Mabuledi mwachifundo. "Omanga nyumba a masiku ano sadziwa kusalaza simenti. Tiyeni kwathu mukaone."

Anapitadi. A telala anagwedeza tebulo lodyera, phee. Anakhalira mipando yonse umodziumodzi, phee. Anabwerera kwawo akukanda m'mutu, n'kukapinda kachidutswa ka nsalu kuika pansi pa mwendo. Zinkatha choncho ndi aliyense, moti a Mabuledi anafika potsimikiza kuti mumsewu monsemo nyumba yowongoka pansi ndi yawo yokha. Sankanyoza anzawo ayi, ankangowamvera chisoni.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'mawa mayiwo akuyanika zovala anangoti khu pansi, zopanira zovala zili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi movutikira. Mwana wawo mmodzi yekhayo anabwera kuchokera kumzinda wakutali kumene ankagwira ntchito, pamodzi ndi mkazi wake. Mpongoziyo anali munthu wabwino mtima, wa manja osakhala phee. Poona kuti kuchipatala sangathandize zambiri, anati akonzere apongozi ake nyumba. Anasuntha katundu yense, kusesa, kukolopa, kubwezera chilichonse pamalo pake.

"Koma pansi pa mipando panali zinthu, bambo!" anatero mpongoziyo, apongozi ake aamuna atabwera kuchokera kuchipatala madzulo amenewo. "Zitsekerero za mabotolo, timakatoni topinda, timphira ta masilipasi akale. Ndataya zonse."

"Mwachita bwino, mwana wanga," anayankha a Mabuledi, maganizo ali kuchipatala. "Mayi anu maso ayamba kuchepa."

Anakhala pa mpando wawo wa masiku onse, mpando n'kuti gwede. Anaimirira, kuuyang'ana, kukhalanso: gwede. Anasamukira pa wina, nawonso gwede. Mpongozi anawaikira tiyi pa tebulo. Atangotsamira chigongono, tiyi anatayikira mu sosala. Anapita kukatenga nsalu yopukutira pa shelefu, mbale zonse zinalira ngwee. A Mabuledi anaima pakati pa balaza, manja m'chiuno, kukamwa yasa.

Choyamba anaganiza kuti ndi mutu wawo. Mwina nawonso matenda omwewo akuwanyemerera, chizungulire chayamba. M'mawa mwake asanalowe m'wodi anapempha namwino kuti awayeze kuthamanga kwa magazi, namwino n'kuwauza kuti ali bwino kuposa iye mwini. Ndiye anati ndi chiswe. Anatembenuza mipando yonse miyendo m'mwamba, kugogoda ndi chala, kununkhiza, osapeza ngakhale kabowo. Ndiye anati nyumba ikutitimira. Anaizungulira kunja akuyang'ana ming'alu, anakwera pa mpanda kuti aone ngati denga lapendekeka, mpaka anakafunsa a telala ngati anamvako chivomerezi sabata imeneyo.

"Chivomerezi?" anatero a telala, singano ili pakamwa. "Takulandirani, achimwene. Ife kuno tinayamba kalekale kugwedezeka, inu mwachedwa."

Sanaseke nawo. Mumtima munali mutayamba kumera ganizo lomwe ankachita nalo manyazi, loti mwina nyumba imadziwa mwini wake, ndipo mwini wake akachoka imatayirira. Munthu wamkulu, woyendetsa galimoto zaka zonse zija, kuganiza zoterozo! Komabe nanga akanati chiyani? Matabwa ndi omwewo, misomali ndi yomweyo, simenti ndi yomweyo. Chomwe chinasowa m'nyumbamo ndi mayi okha.

Zikanakhala zongoseketsa pakanapanda mayi wophunzitsa odwala kuyenda, yemwe anawaitana onse pakhonde la wodi. Anafotokoza kuti wodwalayo akuchira ndithu ndipo atuluka posachedwa, koma kumene akupita kukhale mpando wautali bwino, wokhala ndi mikono yoti azikankhapo podzuka. Ndiponso masiku oyamba aziyenda mogwirira katundu wa m'nyumba, kuchoka pa mpando kugwira tebulo, kuchoka pa tebulo kugwira shelefu. "Chilichonse chimene agwire chikhale chokhazikika," anatero. "Akatsamira chinthu n'kuwathawa, agwa, ndipo kugwa kwachiwiri sitikufuna."

Mwana wawo anadikira mpaka atafika kunyumba, n'kuika chala chimodzi pa tebulo. Tebulo linavomera, gwede.

"Bambo, amayi ndiwatenga," anatero. "Akakhale kwathu."

"Uwatenge upite nawo kuti? Ine ndi mayi ako chikwatirane sitinagonepo mizinda iwiri."

"Nanga ndiwasiye muno? Mpando ndingathe kugula, bambo, koma sindingagule nyumba yonse. Taonani nokha, chilichonse chikuvina."

"Sizinkatero!"

"Chabwino, sizinkatero, koma lero zikutero."

Anakangana mpaka mpongozi anathawira kukhitchini. Kwa mwanayo kunali kachipinda kamodzi kapadera, kokwana bedi la munthu mmodzi. Za bambo sizinatchulidwe n'komwe. Pomaliza mwanayo anafewa pang'ono, poti nayenso anali atamva amayi ake m'wodi akulimbana ndi mawu amodzi okha, oti "kwathu." Anati iye ndi mkazi wake abwerera kuntchito, adzabweranso tsiku lotulutsa wodwala. Akadzapeza mpando woyenera ndiponso katundu wosagwedera, amayi atsala. Akadzapeza gwedegwede yemweyu, chikwama cha amayi sichidzatsika n'komwe m'galimoto.

A Mabuledi anayamba ndi mpando. Anatulutsa matabwa awo abwino kwambiri, omwe ankawasunga pamwamba pa mitanda ya denga kudikira ntchito yoyenera. Anayeza kutalika kwa bedi la kuchipatala ndi tepi kuti adziwe pamene mayiwo amadzukira mosavuta. Anaboola ndi tchizulo, kulowetsa mwendo uliwonse m'malo mwake, kumata ndi guluu, kumanga ndi zingwe za mphira mpaka ziume. Mikono yake anaikhula mpaka inasalala ngati sopo. Kenako anauimika pa malo oyesera, kuugwedeza, kudula apa, kukhula apo, mpaka unati nji. Anatsegula pakamwa kuti aitane amayi adzagwedeze, n'kukumbukira kuti m'nyumba mulibe munthu.

Anavula ovololo, kudzikuntha, kunyamula mpando kulowa nawo pabalaza. Anauika pafupi ndi windo pomwe mayiwo ankakonda kusokera. Gwede.

Mutu unaima. Anagwada, anaona mwendo umodzi uli m'malere, anachonga ndi pensulo miyendo inayo yofunika kudula. Koma sowo silowa m'nyumba, lamulo ndi lamulo ngakhale mwini lamulo ali m'chipatala. Anabwerera nawo kugalaja, anadula monga anachongera, n'kuuimika pa malo oyesera kuti atsimikize. Gwede! "Aaa, ndapyola muyezo," anatero, n'kukonzanso mpaka unakhazikika. Analowa nawo m'nyumba. Gwede. Anatuluka nawo. Analowa nawo. Njira ya pakati pa galaja ndi khitchini inachita kusalala, ndipo ulendo uliwonse mpando unkasiya timagawo ta miyendo yake pansi pa benchi.

A telala anasuzumira pa mpanda tsiku lina masana, n'kuwapeza atakhala pa mpandowo mawondo ali pachifuwa.

"Zabwino zonse, achimwene! Simunatiuze kuti kukubwera mdzukulu."

A Mabuledi sanatukwanepo munthu chiyambire, koma tsiku limenelo zinatsala pang'ono. Matabwa abwino aja anali atatha, mpando unali wa mwana wa mkaka, ndipo unkagwederabe. Anayang'ana manja awo kuseri ndi kutsogolo. Anachita mantha enieni, oti mwina manjawa atha, mwina diso lija lafa osawauza, ndipo chifukwa cha manja amenewa akazi awo akakalambira m'kachipinda ka eni ake, kuyang'ana khoma lachilendo.

M'wodi munalibe mipando ya alendo, choncho tsiku lotsatira ananyamula kampando kamodzi ka m'nyumba. Anakaika pambali pa bedi n'kukhalapo. Gwede. Akaweramira kutsogolo, gwede. Akabwerera m'mbuyo, gwede. Anali atalonjeza mumtima kuti sadzamudandaulira wodwala, koma kugwederako kunawatsegula pakamwa.

"Amayi, ine zandisokoneza," anatero. "Chichokereni inu, nyumba yonse yapenga. Tebulo, mipando, shelefu, zonse. Chiswe mulibe, ming'alu palibe, mutu wanga akuti uli bwino. Ndapanga mpando wanu, m'galaja ukuima, pabalaza ukukana. Mwana akuti akutengani. Ine sindikudziwanso kuti ndigwire pati."

Mayiwo anawayang'ana. Mbali ya nkhope yomwe inkagwira ntchito inachita ngati ikufuna kuseka, kenako ngati ikufuna kulira. Anatambasula dzanja lamanzere, anatenga kabokosi ka mapiritsi pa kabati, anakaluma ndi mano n'kung'amba chivindikiro chake. Anachipinda pa ntchafu ndi chala chachikulu, kupindanso, kupindanso, mwaluso la munthu amene sakuyamba lero. Anawapatsa.

"Kumbuyo," anatero movutikira. "Kumanzere."

A Mabuledi anaimirira, anawerama, analowetsa kakatoniko pansi pa mwendo wakumbuyo wakumanzere. Anakhalanso. Kampando kanati nji. Anadzigwedeza dala uku ndi uku, kampando osayankha.

"Mwadziwa bwanji? Simunayang'ane n'komwe!"

"Yonse," anatero mayiwo. Anapuma. "Yonse... mwendo womwewo."

"Yonse iti?"

Mayiwo anatseka maso ngati munthu wotopa ndi mwana wosamva. Atawatsegula analimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka: "Kathireni... madzi... m'galaja."

A Mabuledi anatuluka m'chipatala osokonezeka kuposa mmene analowera. Madzi m'galaja? M'basi monse ankalankhula okha, moti mayi amene anakhala nawo pampando anasunthira kutsogolo. Mwina matenda afika kumutu. Mwina akuti m'galaja mwada. Koma kakatoni kaja kanagwira ntchito, iwo akuona. Safunsa anadya phula, koma iwo anali atafunsa, tsono chotsala chinali kumvera.

Anatunga ndowa yodzaza, anaima pakhomo la galaja, n'kukhuthula. Madzi sanayime ngakhale pang'ono kuganiza. Ananyamuka onse pamodzi, kudutsa pakati, kukhotera kuwindo, kuwoloka malo oyesera aja, n'kulowa pansi pa benchi pomwe panali mulu wa utuchi wa zaka ndi zaka. Kumeneko kunamveka kulira kwa madzi olowa m'paipi. A Mabuledi anagwada n'kufukula utuchi wonyowawo ndi manja. Pansi pake panali kachitsulo ka maboowo, kotsekera ngalande.

Anakhala pa ndowa yovundikira. Anamukumbukira womanga galajayo, ndi chipewa chake chong'ambika, ataima pomwepa ndi chosalazira simenti. Anakumbukiranso mawu awoawo, a iwo eni, akumulangiza mwamphamvu: "Upendeketse bwino, mbali zonse zitsetserekere pangodya apo, madzi otsukira galimoto asamadikhe." Womangayo anamvera. Pansi ponse pa galaja panali ngati mbale, ndipo popindika kwambiri panali pomwe kuwala kunkagwera bwino. Zaka zonsezi a Mabuledi ankadula miyendo yowongoka kuti igwirizane ndi dzenje, ndipo popeza chilichonse ankachiimika chitayang'ana kukhomo, chilichonse chinkatuluka ndi chilema chofanana.

Nanga za miyendo ya mipandoyo ndi zimene zinawapweteka? Ayi. Chinawapweteka ndi mawu a mpongozi aja. Zitsekerero za mabotolo, timakatoni, timphira ta masilipasi. "Kasambeni kaye, bambo." Poika pake ndi nkhani yanga. Ndiye kuti nthawi zonse iwo akusamba, akuimba nyimbo m'bafa monyadira, mkazi wawo amakhala atagwada pabalaza. Ndiye kuti tsiku lililonse lokolopa ankachotsa, kukolopa, kubwezera, mwendo ndi mwendo, nyumba yonse. Ndiye kuti pamene ankabweretsa a telala kudzagwedeza tebulo, mayiwo ankaima pakhomo la khitchini akudziwa zonse, duu.

Anakwiya. Munthu kukupusitsa zaka zonsezi, iwe n'kumayenda mumsewu kuuza anthu kuti nyumba zawo ndi zokhota! Mkwiyowo sunakhalitse, unasanduka manyazi, manyazi n'kusanduka chinthu china chomwe sanachidziwe dzina. Sanadziwe ngati mkaziyo ndi woti akamukalipire kapena akamugwadire. Analira pang'ono ali pa ndowa pomwepo, kenako anamina, n'kuimirira.

Tsiku limenelo lamulo linathyoledwa. Sowo inadutsa pakhomo la kukhitchini, puleni pambuyo pake, tchizulo, hamala, sandipepa, zonse. A Mabuledi anayala manyuzipepala pabalaza ngati kuti angathandize kanthu. Anayamba ndi tebulo, pamalo pake penipeni: kugwedeza, kuchonga, kudula, kugwedezanso. Kenako mipando, shelefu, kabati ya nsapato, choimikira beseni. Zomwe mayiwo akanazigwira poyenda anazikhomerera kukhoma. Matabwa a mpando watsopano analibe, ndiye anaphwasula benchi yawo yogwirirapo ntchito, ija anaikhoma poyamba penipeni, yomwe thabwa lake lapamwamba linali lolimba ngati mwala. Mpandowo anaupangira pawindo pomwepo, ndipo miyendo yake anaiyesera pa simenti yomwe idzaimepo.

A telala anabwera kudzagwirizira matabwa. A Mabuledi anawauza osawayang'ana kuti pansi pa nyumba yawo palibe vuto, ndipo zikatha izi abwera ndi sowo.

"Musavutike, achimwene," anatero a telala. "Ndinazolowera. Likadzasiya kuvina ndidzayamba kudula nsalu mokhota."

Kuchipatala ankapitabe tsiku lililonse, koma za madzi aja sanazitchule, ndipo mayiwo sanafunse. Ankakamba za mvula, za odwala anzawo, za nkhuku ya a neba yomwe inkaswera m'maluwa. A Mabuledi akafuna kuyamba nkhaniyo, ankangokhotera ku nkhani ina.

Tsiku lotuluka linafika. Mwana wawo anaimika galimoto pageti, anatsitsa amayi ake, n'kuwalowetsa m'nyumba pa njinga ya odwala yobwereka kuchipatala. Chikwama chachikulu chinatsala pa mpando wakumbuyo, ndipo a Mabuledi anachiona. Mwanayo anaimika njinga pafupi ndi mpando watsopano, koma asanagwire kanthu mkazi wake anamuitana panja kuti galimoto yatseka njira ya anthu. Anatuluka akuti abwera pompano.

Chitseko chitangotsekeka, mayiwo anakoka malaya a amuna awo. Anafumbatula dzanja lamanzere. Munali kakatoni kopindidwa bwinobwino, konyowa ndi thukuta. Anali atakafumbata ulendo wonse.

"Msanga," ananong'ona. "Asanaone."

A Mabuledi anangolandira, n'kugwada kuseri kwa mpando. Anakankhira kakatoniko pansi pa mwendo wakumbuyo wakumanzere. Sikanalowe. Anakankha mwamphamvu, kanangopindika. Anasunthira ku mwendo wina, mayiwo akuwatsatira ndi maso, sikanalowe. Anayesa wachitatu, wachinayi. Panalibe mpata ngakhale wa tsitsi. Anakweza mutu akadali chogwada, n'kuwaonetsa kakatoni kophwanyikako.

"Bwanji simunandiuze, amayi? Zaka zonsezi?"

Mayiwo anayang'ana mpando, anayang'ana amuna awo. "Munkaimba," anatero pang'onopang'ono. "M'bafa." Kenako mbali ija ya nkhope inakwera. "Ndiponso... masupuni anga."

Anaseka onse awiri, kuseka koipa kosakanikirana ndi misozi, ndipo mwana wawo polowa anawapeza choncho, bambo ali chogwada pansi, amayi akupukuta m'maso ndi dzanja limodzi. Sanafunse. Anayamba ntchito yake: anakankha tebulo ndi manja awiri, anatsamira shelefu, anakhalira mipando yonse, anagwira mpando watsopano n'kuugwedeza ngati akufuna kuuzula. M'nyumba monse munali zii.

Anathandizana kuwakhazika amayi pa mpandowo. Mayiwo anapuma kaye, anasisita mkono wa mpando, anazindikira mabala a tchizulo a pa benchi ija omwe sandipepa inalephera kufafaniza, n'kuyang'ana amuna awo. Kenako anagwira mwamphamvu ndi dzanja lamanzere, anaweramira kutsogolo monga anawaphunzitsira, n'kukankha. Mwana anatambasula manja kuti awagwire, bambo ake n'kumugwira mkono. Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono, akunjenjemera thupi lonse, koma mpando sunanjenjemere nawo. Anaima. Anatambasula dzanja n'kugwira tebulo, tebulo n'kuwalandira.

Mwanayo anawayang'ana, kenako anatuluka panja. A Mabuledi anamva chitseko cha galimoto chikutseguka, mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati akutsitsa chikwama kapena akukonza malo okhala amayi ake. Atalowanso anali atasenza chikwamacho paphewa, ndipo anapitirira nacho kuchipinda.

Mayiwo anali ataima pawindo. Anayendetsa chala pa felemu, anachiyang'ana, n'kuchitembenuzira kwa amuna awo.

"Utuchi," anatero, ndipo mawu amenewa anatuluka bwinobwino, osakakamira pena paliponse. "M'nyumba mwanga."

"Ndisesa, amayi," anayankha a Mabuledi. Anaika kakatoni kaja m'thumba la malaya, n'kupita kukafuna tsache, ngakhale sankadziwa kumene limakhala.